DOKO LA DURBAN NDI MALATA A PA NSELEMA

Mukafunsa mwana wa sukulu wa pa Nselema kuti anthu a kwathu amapezera kuti ndalama, adzakuwerengerani zimene aphunzitsi adamulembetsa m'kope: mpunga, nandolo, fodya, chinangwa ndi nsomba za ku Chiuta ndi ku Chilwa. Mwanayo adzakhala atanena zoona, koma atasiyako chinthu chimodzi chachikulu. Tayendani m'midzi yozungulira msika wathu, muzifunsa pa nyumba iliyonse yamalata kuti malatawo adagulidwa ndi ndalama zochokera kuti. Kawirikawiri mudzamva maina awiri, Joni ndi Durban. Njinga zamoto za kabaza, zigayo zina, timagolosale ta m'mbali mwa msewu wa tala wochokera ku Liwonde, zambiri mwa zimenezi mizu yake ili ku mzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere umene anthu ambiri a kwathu sadauonepo ndi maso. Nchifukwa chake ine ndimati mwana wa pa Nselema ayenera kuudziwa mzinda wa Durban monga adziwira munda wa amai ake, poti nawonso ukumudyetsa. Ayenera kudziwa kuti chuma chake chidayamba bwanji, chimayenda bwanji, ndiponso kuti ife tidaima pati m'chumacho.

Mtima wa Durban ndi doko. Mzindawu udamangidwa mozungulira thawale lalikulu la nyanja lotetezedwa ndi mtunda wotchedwa Bluff, malo amene Azulu amawatcha eThekwini. Dzina loti Durban lidaperekedwa mu 1835 pokumbukira bwanamkubwa wachingelezi Benjamin D'Urban. Poyamba kadali kadoko kosanunkha kanthu chifukwa mchenga unkatseka pakhomo pake, ndipo sitima zikuluzikulu zinkaima panja. Golide atapezeka ku Johannesburg mu 1886, ndipo njanji yochokera ku Durban itakafika kumeneko mu 1895, zinthu zidasintha. Makina a m'migodi, zovala, mafuta ndi katundu wa m'masitolo zidayamba kulowera pa dokoli, mchenga uja n'kukumbidwa kuti sitima zazikulu zizilowa. Lero makontena pafupifupi 60 mwa 100 alionse olowa ndi kutuluka m'dziko la South Africa amadzera pa Durban, ndipo kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 4 miliyoni mu mzindawu pamodzi ndi madera ake. Ndiye kuti mzinda umodzi uli ndi anthu ochuluka kuposa Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba mutaziphatikiza.

Pambali pa doko pali nzimbe. Azungu a ku Natal ataona kuti nthaka ya m'mbali mwa nyanja ikulola nzimbe, adasowa anthu olima, popeza Azulu adali ndi ng'ombe ndi minda yawo. Motero mu Novembala 1860 sitima yotchedwa Truro idatsitsa Amwenye oyamba odzagwira ntchito ya kontrakiti m'minda ya nzimbe, ndipo pofika 1911 adali atabwera oposa 150,000. Mu 1873 Angelezi adayambanso kutsitsa pa dokoli anthu amene adawaombola m'zombo za ogulitsa akapolo. Ambiri mwa iwowa adali Amakua, abale ake a Alomwe a kuno kwathu. Ku Durban adawatcha Azanzibari, ndipo adakhala ku Bluff mpaka boma la tsankho lidawasamutsira ku Chatsworth m'zaka za m'ma 1960. Ndikunena zimenezi kuti muone kuti chiyambire mzindawu wakhala ukumangidwa ndi manja ochokera kutali. Mnyamata wa pa Nselema amene atsika basi ku Durban lero akuponda m'mapazi mwa anthu a mbali yathu ino amene adafikako zaka 150 zapitazo.

Shuga ameneyu adatifika ndi kuno komwe. Pa Maydon Wharf, m'kati mwa doko, pali nkhokwe zitatu za shuga zotha kusunga matani oposa 500,000. Kampani ya Illovo idatenga dzina lake ku mtsinje wina wa kummwera kwa Durban, ndipo mu 1997 idagula minda ya shuga ya Lonrho, kuphatikizapo ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Tsono pamene agogo akuthira shuga wa ku Nchalo m'phala la mdzukulu wawo, adziwe kuti likulu loyang'anira kampaniyo mu Afirika lili kumpoto kwa mzinda wa Durban, ndipo eni ake enieni ndi kampani ya Associated British Foods ya ku London.

Kummwera kwa doko ndiye kuli mafakitale. Ku Prospecton kuli fakitale ya Toyota yopanga galimoto monga Hilux ndi Fortuner, zimene timaziona zikudutsa pa Nselema zitanyamula akuluakulu a boma ndi a mabungwe. Ku Merebank kuli fakitale ya mapepala ya Mondi. Kufupi ndi komweko kudali malo awiri oyengera mafuta a galimoto, a Engen ndi a SAPREF, amene kwa zaka zambiri ankamwetsa galimoto zambiri za dzikolo kudzera m'mipope yopita ku Johannesburg. Ku Clairwood, ku Mobeni ndi ku Jacobs kudali mafakitale oomba nsalu ndi osoka zovala amene ankalemba anthu zikwizikwi. Anthu a m'mafakitale amenewa ndiwo adagwedeza boma la tsankho mu Januwale 1973, pamene kunyanyala ntchito kudayambira pa fakitale ya njerwa ya Coronation n'kufalikira kwa antchito pafupifupi 60,000 ofuna malipiro abwino. Palinso za alendo: mahotela a m'mbali mwa nyanja amadzaza nyengo ya Khirisimasi, ndipo ophika, ochapa ndi osesa amachuluka.

Nanga ife a ku Machinga tidalowamo bwanji? Njira zidali ziwiri, ya katundu ndi ya anthu. Doko lathu lachibadwa ndi Nacala. Njanji yopita kumeneko idatsegulidwa mu 1970, ndipo imadutsa m'boma lathu lomwe lino kuchokera ku Nkaya, kudzera ku Liwonde, kukatulukira pa Nayuchi. Koma nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala zonse zidatsekeka. Fodya ndi tiyi wa Malawi, feteleza ndi katundu wina wobwera, zidayamba kuzungulira ulendo wa makilomita oposa 2,000 kupita ndi kuchokera ku Durban. Ine ndidali mwana nthawi imeneyo, koma ndikumbukira akuluakulu akudandaula kuti thumba la feteleza lakwera mtengo pamene njanji ili duu pafupi pompa. Mtendere udabwera mu 1992, komabe amalonda ambiri adali atazolowera njira ya Durban, ndipo mpaka lero katundu wina wa dziko lino amadzera komweko.

Njira ya anthu idayamba ndi migodi. Bambo anga adali mmodzi mwa amene adapita pa Wenela, ndipo adabwerako ndi njinga, wailesi, bulangete lolemera ndi makina osokera. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu adaletsa ulendo wa ku migodi. Udayambanso mu 1977 pansi pa Theba, koma udatheratu mu 1988 chifukwa cha mkangano woyeza magazi. Khomo la kontrakiti litatsekeka, njala ya ntchito siidatseke. Chaka cha 1994 chitasintha maboma m'maiko onse awiri, anyamata adayamba kupita okha, popanda wowalemba kapena wowayang'anira: Nselema, Ntaja, Liwonde, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Johannesburg, kenaka kutsetsereka mpaka kunyanja. Ambiri a kwathu ndi Asilamu, ndipo Durban ndi mzinda wa mizikiti ndi amalonda achisilamu. Mlendo akafika pa mzikiti amapezapo woti alankhule naye, pogona pa masiku oyamba, mwinanso womulozera ntchito. Chachiwiri, amuna a kwathu amadziwa singano kuyambira kale. Luso limene pa Nselema lili pa khonde la sitolo iliyonse, ku Durban lidapeza msika.

Mkulu wanga adaphunzira kusoka pa makina aja a bambo, ndipo ndi luso limenelo adapita nalo ku Durban. Mu 2018 ndidapita kukamuona. Ndidaganiza kuti ndikamupeza m'fakitale yaikulu ya chumuni ndi alonda pa geti. Ndidamupeza m'chipinda chapamwamba m'nyumba ina yosanja yakalekale, kufupi ndi msewu umene kale unkatchedwa Grey Street, lero Dr Yusuf Dadoo Street, kumene kuli mzikiti waukulu wa Juma. M'chipindamo mudali makina a magetsi ondandalikidwa ngati mizere ya m'munda, ndipo mwa anthu osokawo ambiri ankalankhula Chiyao. Mazenera adali otseka, ulusi uli mbwee pansi, kutentha kwake kosasimbika. Mkulu wangayo ntchito yake idali imodzi tsiku lonse, kulumikiza manja a malaya. Wina ankasoka makolala okha, wina kuika mabatani okha. Munthu amene pa Nselema ankayeza kasitomala, kudula nsalu ndi kusoka suti yonse yekha, kuno adali wa manja a malaya basi.

Madzulo adandifotokozera mmene malonda amenewa amayendera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, boma la South Africa litatsitsa misonkho ya katundu wochokera kunja, zovala zotsika mtengo za ku China zidasefukira pa doko lomwelo la Durban, ndipo mafakitale aakulu ambiri a nsalu adatseka kapena kuchotsa anthu. M'malo mwake mudabuka timafakitale ting'onoting'ono tongodula nsalu, kusoka ndi kumalizitsa. Sitolo yaikulu imapereka oda kwa munthu wapakati, wapakatiyo amagula nsalu yobwera pa sitima n'kuigawa ku timafakitaleti, ndipo kamene kavomera mtengo wotsikitsitsa ndiko kamapeza ntchito. Aliyense amafinya wapansi pake. Wotsiriza kufinyidwa ndi telala wopanda chitupa chogwirira ntchito, amene amalipidwa powerenga zimene wasoka, ndipo sangakadandaule ku boma chifukwa kumeneko akayamba kumufunsa za chitupa. “Iwe mphwanga,” adatero, “nsalu iyi yabwera pa sitima, ulusi wabwera pa sitima, makinawa adabwera pa sitima. Chotsika mtengo chimene chili muno chosabwera pa sitima ndife.”

Lamulungu adanditengera kunyanja. Sitima zidali ndandanda kutali pa madzi kudikira malo pa doko, zina zazitali ngati phiri la Chikala, makontena atasanjikizana ofiira ndi obiriwira. Ndidamufunsa ngati adalowapo m'dokomo, iye n'kuseka. Zaka zonse zimene adakhala mu mzindawo sadapondepo m'kati mwa geti la doko, kapena la Toyota, kapena la fakitale ya mapepala. Kumeneko kumafuna chiphaso cha nzika, satifiketi ya sukulu ndi ya luso. Kumeneko ndiko kuli malipiro a pamwezi, mabungwe a antchito, chipatala ndi penshoni. Pamenepo ndidamvetsa kuti chuma cha Durban chili ngati nyumba ya makomo awiri. Khomo lakutsogolo ndi la doko, galimoto, shuga ndi mapepala. Khomo lakuseri ndi la singano, la m'khitchini mwa anthu, la kudulira maluwa, kunyamula katundu m'masitolo ndi kulonda usiku. Ana a pa Nselema pafupifupi onse amalowera kuseri.

Sindikunyoza khomo lakuserilo, chifukwa ndalama zake ndidadyako. Fizi yanga ina ya kusekondale idachokera pa manja a malaya omwewo. Randi ikasinthidwa kukhala kwacha imatupa, makamaka chitsikire mphamvu ya kwacha ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Amai ambiri a kwathu amagula feteleza, kulipira ganyu ndi kufolera nyumba ndi ndalama zobwera pa foni. Komatu walira mvula walira matope. Amene walowera kuseri ndiye amayamba kutulutsidwa nyumba ikayamba kuyaka. Mu Epulo 2015 anthu a maiko ena adathamangitsidwa m'makomboni a Durban, n'kukaunjikana m'misasa ku Isipingo, ku Chatsworth ndi ku Phoenix, mpaka boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Ambiri mwa obwererawo adali a ku Mangochi ndi kuno ku Machinga, ena atangonyamula jumbo m'manja. Mu Malichi 2019 Amalawi adathamangitsidwanso ku Burnwood. Mu Julayi 2021, Jacob Zuma atamangidwa, masitolo ndi nyumba zosungira katundu zidaswedwa ndi kutenthedwa, ndipo anthu oposa 300 adafa.

Ngakhale khomo lakutsogolo lagwedezeka. Malo oyengera mafuta a Engen adapsa ndi moto mu Disembala 2020 ndipo sadayengenso, a SAPREF nawo adaleka mu 2022. Mu Epulo chaka chomwecho madzi osefukira adapha anthu oposa 400, misewu yopita ku doko idaduka, ndipo fakitale ya Toyota idamira m'matope n'kukhala miyezi ingapo osapanga galimoto. Mu Okutobala 2022 kampani yakale ya shuga ya Tongaat Hulett idalephera kubweza ngongole zake n'kuikidwa m'manja mwa oipulumutsa. Chilichonse mwa zimenezi chidamveka pa Nselema. Wantchito wa ku fakitale akachotsedwa, amachotsa wantchito wa m'nyumba mwake, amaleka kugula malaya atsopano, ndipo mwezi wotsatira mai wina wa kwathu amabwerera chimanjamanja kuchokera pa kasitolo kolandirira ndalama. Mzinda ukamasowa ntchito, eni ake amayamba kuyang'ana mlendo ndi diso lofiira.

Nkhani yonseyi yandifika pakhosi chifukwa cha mwana wa chemwali anga. Mnyamatayu ali Folomu 2, mutu wake ndi wakuthwa pa masamu, koma mtima wake udakwera kale basi. Anzake amene adasiyira Sitandade 8 abwerako ndi mafoni, nsapato ndi mau a Chizulu, ndipo atsikana a pa msika akuwaombera m'manja. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, motero nkhani yake idatulidwa kwa ine mjomba wake. Chemwaliwo adati, “Achimwene, inu mudaonako. Mwanayu muthandizeni ya basi apite, kuno akhalira chiyani? Akamaliza Folomu 4 adzalembedwa kuti?” Mnyamatayo adangowonjezera mau amodzi ali chogwada: “Amjomba, nyumba imene tikugonayi malata ake adachokera kuti?”

Funso limenelo n'lovuta kuliyankha, ndipo amene angaliyankhe ndi mau aja akuti chuma chili m'nthaka ayambe wakumbukira chaka cha 2017. Alimi a kwathu adali atadzala nandolo wambiri chifukwa zaka zam'mbuyo adagula bwino. Mu Ogasiti chaka chimenecho dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wa kuno, lidaika malire pa nandolo wolowa m'dziko mwawo, ndipo mtengo udagwa mpaka anthu ena adamusiya kuti afumbwe m'matumba. Nyanja ya Chilwa, imene idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, idaphweranso kwambiri mu 2018, asodzi n'kupachika maukonde. Pa njanji ija ya ku Nayuchi tsopano pamadutsa sitima zazitali zonyamula malasha a ku Moatize kupita ku Nacala, koma ana athu amangoziwerenga mabogi. Nandolo wathu, mpunga wathu, nsomba zathu, zambiri zimachoka zili zaziwisi, ndipo ntchito yozikonza, kuziika m'mapaketi ndi kuzikweza pa sitima imakapezeka kwa ena. Durban adalemera chifukwa katundu akafika pa doko amaima, kukonzedwa ndi kusinthidwa asanapitirire. Kwathu katundu ndi anthu zonse zimangodutsa.

Tsono ndidawayankha chemwali anga motere. Ya basi sindipereka chaka chino, kapena chamawa. Fizi ndi mabuku ndidzalipira ine mpaka mwanayu alembe mayeso a Folomu 4, ndipo akatero ndidzayesetsa kuti akaphunzire luso la magetsi kapena la kuwotcherera zitsulo. Ngati atamaliza mtima wake udzakhalabe uli ku Durban, sindidzamugwira mwendo, poti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma adzapite ndi pasipoti yakeyake, satifiketi m'chikwama, ndiponso akudziwa kuti mzindawo uli ndi makomo awiri. Mwina lakutsogololo silidzamutsegukira ngakhale atatero, popeza eni dziko nawonso ali pa mzere. Koma munthu wodziwa magetsi akathamangitsidwa amabwera ndi ntchito yake m'manja, ndipo zigayo, mipope ya madzi ndi magetsi a dzuwa a kuno komwe zikumusowa. Wolumikiza manja a malaya akabwerera amapeza kaunjika atadzaza msika, makina a bambo ali ndi dzimbiri.

Chemwali anga sadakondwe, ndipo mnyamatayo adatuluka osanena kanthu. Mkulu wanga uja, nditamuuza pa foni, adakhala chete kanthawi, kenaka adati pa fizi ya teremu yoyamba nayenso aikapo yake. Ndalama imeneyo yafika kale, ndipo yachokera pa singano ya ku Durban.